WRX yanu musaitsitse kaye

Funso: "Ndimakhala ku Lilongwe. Chaka chatha ndinaitanitsa Subaru Impreza WRX ya 2004 kuchokera ku Japan, ndipo yayenda makilomita 140,000. Injini ili bwinobwino, koma ndikamakhota ndi liwiro galimoto imapendekeka kwambiri, komanso kutsogolo kumagogoda ndikamadutsa pa hampu. Anzanga akuti ndigule ma coilover, ndiitsitse, ndiike malimu a mainchesi 18. Kawiri pamwezi ndimapita ku Blantyre, nthawi zina kumudzi ku Ntchisi. Ndigule za mtundu wanji?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba. Ambiri amafika ku galaja katoni ya ma coilover (shock ndi sipuling'i zomangidwa pamodzi, zomwe mungasinthe kutalika kwake) ili kale m'buti, ndiye malangizo anga amawapeza madzi atafika kale m'khosi. Mwachidule ndikuti galimoto imeneyo musaitsitse kaye, malimu a 18 asiyeni m'sitolo, ndipo ndalama zoyamba zipite pobwezeretsa zomwe zatha, pogula matayala ndi ma shock abwino. Ma coilover adzabwere pambuyo, ngati adzafunike n'komwe. Anzanuwo adzakufunsani chifukwa chake, choncho ndifotokoze bwinobwino.

Mphamvu zonse za injini ya turbo ija, mabuleki, ndi chilichonse chomwe manja anu amachita pa chiwongolero, zimafika pamsewu kudzera pa malo anayi pomwe tayala lagunda pansi. Malo aliwonse kukula kwake ndi ngati chikhatho chanu basi. Ntchito ya suspension, kutanthauza masipuling'i, ma shock ndi mikono yogwira matayala, ndi yoti zikhatho zinayizi zisachoke pansi. Pa bwalo la mpikisano, pomwe phula ndi losalala ngati tebulo, galimoto yotsika ndi yolimba imakwanitsa zimenezi. Pa M1, pomwe phula lili ndi zigamba, mafunde ndi maenje, tayala limafuna mpata woti likwere ndi kutsika motsata msewu. Mukalimana mpatawo limayamba kunjanja, ndipo tayala lomwe lili m'malere silikhota, siligwiranso buleki.

Dzina la Impreza linamveka pa mipikisano ya rally. Colin McRae anatenga ukatswiri wa dziko lonse mu 1995 akuyendetsa galimoto imeneyi, Richard Burns mu 2001, Petter Solberg mu 2003. Koma chomwe ndimakonda kuuza eni ma Subaru kuno kwathu ndi nkhani ya Safari Rally ya ku Kenya, yomwe McRae anapambana mu 1997 ndi Burns mu 2000, onse pa Impreza. Mukaona zithunzi za galimoto zomwe zinkapita ku Safari, mupeza kuti zinali zokwezedwa kuposa za mipikisano ya pa phula ku Ulaya, zili ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini, matayala a nyama yochindikala m'mbali. Anthu amenewa ankafuna liwiro kuposa inu ndi ine, ndalama anali nazo, akatswiri anali nawo, ndipo pa msewu woipa anasankha kukweza galimoto. Msewu wakumudzi kwanu nthawi ya dzinja uli pafupi ndi Safari kusiyana ndi bwalo la mpikisano la phula losalala.

Tiyambe ndi kugogoda kuja, chifukwa kukutiuza kuti simunailawe WRX yanu momwe inatulukira ku fakitale. Galimoto ya zaka zoposa 20 yomwe yayenda makilomita 140,000 imakhala ndi ma shock otopa ndi mabushi ouma, ngakhale itaoneka yonyezimira bwanji. Kupendekeka komwe mukudandaula nako nthawi zambiri kumachokera pamenepa. Pitani nayo kwa makaniko wokhala ndi dzenje kapena chokwezera, ndipo mulowe naye pansi, musakhale pa benchi. Aone ma link ndi mabushi a stabilizer (chitsulo chopingasa choletsa bodi kupendekeka pokhota), omwe ndiwo amagogoda kwambiri pa hampu ndipo ndi otchipa. Agwedeze tayala atalikweza, dzanja lina pamwamba lina pansi, kenako kumanja ndi kumanzere, kuti amve ball joint, bearing ndi tie rod end. Aike chitsulo pa control arm, mkono wa pansi wolumikiza tayala ku bodi, n'kukankha. Bushi yaikulu ya kumbuyo kwa control arm ya kutsogolo pa Subaru imeneyi imakhala ndi madzi mkati, ndipo ikaphulika mumaona chizindikiro chakuda choyenderera pansi pake. Pa shock, kachinyezi kochepa si nkhani, koma oyilo akayenderera mpaka kumata fumbi ngati phala, yatha. Musaiwale ma mounting a pamwamba pa shock.

Chinthu china chomwe ambiri saona: chotsani kapeti wa m'buti ndi tayala la kumbuyo, muunike ndi tochi pomwe shock ya kumbuyo imamangirira ku bodi. Galimoto zomwe zinkayenda kumadera a chipale chofewa ku Japan zimabwera ndi dzimbiri pamenepo chifukwa cha mchere womwe amathira m'misewu. Kumanga sipuling'i yolimba pa chitsulo chodyeka ndi kuitana ngozi. Pakakhala dzimbiri, wowotcherera ayambe wagwirapo ntchito.

Musanaitanitse kanthu kalikonse, werengani kachitsulo ka nambala ya chassis komwe kali mu boneti. GDA ndi WRX ya sedan, GDB ndi STI (mtundu wa WRX wamphamvu kwambiri), GGA ndi wagon. Zimaoneka ngati za mimba imodzi koma ma shock ake sasinthana mwachisawawa. Sedan ndi yotambalala kutsogolo kuposa wagon, ndipo STI ya zaka zakumapeto kwa mtundu umenewu inasintha kutalikirana kwa mabawuti a limu pa hub kuchoka pa 5x100 kupita pa 5x114.3, n'kusinthanso pomangira shock ya kutsogolo. Wogulitsa akangoti "za Impreza zonse n'zimodzi", mupatseni nambala ya chassis ndipo akuonetseni nambala ya katunduyo m'buku la kampani yomwe inapanga. Katundu wochokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan akafika wolakwika mutalipira kale msonkho ku MRA, kumubweza ndi mutu waching'alang'ala.

Tsopano matayala, omwe kwa ine ndiwo gawo loyamba la suspension. Nambala yachiwiri pa tayala imakuuzani kutalika kwa nyama ya m'mbali poyerekeza ndi mulifupi mwake. Tayala la 215/45R17 lili ndi nyama ya mamilimita pafupifupi 97. La 225/40R18 lili ndi 90, ndipo la 215/35R18 lomwe anyamata ambiri amakonda lili ndi 75 okha. La 205/55R16 lili ndi pafupifupi 113. Nyama imeneyi ndiyo imayamba kulandira nkhonya ya dzenje shock isanadziwe n'komwe kuti kwachitika kanthu. Ikachepa, nkhonyayo imapita ku limu, ndiye mumapeza limu lopindika ndi tayala lotupa chithupsa m'mbali, muli pakati pa Dedza ndi Ntcheu dzuwa litalowa. Khalani pa 17, ndipo ngati kumudzi mumapita pafupipafupi, 16 ndi yabwino kwambiri bola mabuleki anu alole, popeza mabuleki a Brembo a STI amafuna 17. Gulani matayala anayi a mtundu umodzi nthawi imodzi. Subaru imakoka ndi matayala onse, ndipo kusiyana kwa kukula kapena kuperepeseka kwa matayala kumatopetsa diff ya pakati, yomwe imagawa mphamvu pakati pa matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo. Onaninso manambala anayi a kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT m'mbali mwa tayala, omwe amaonetsa nthawi yomwe linapangidwa: 2319 akutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2019. Tayala la kaunjika likhoza kukhala ndi mano ambiri koma mphira wake atauma ngati chikopa cha ng'oma, ndipo pa mvula limatsetsereka ngati pa therere.

Tifike pa mtima wa nkhani. Sipuling'i imanyamula galimoto, shock imaletsa sipuling'iyo kuvina. Anthu amasakaniza ziwirizi, n'chifukwa chake amaganiza kuti galimoto yothamanga iyenera kukhala yolimba ngati ngolo. Chomwe chimapatsa galimoto mtima wokhazikika ikamadutsa pa mafunde a phula ndi liwiro ndi shock yabwino, yomwe imalola tayala kukwera msanga likagunda chinthu kenako n'kuligwira kuti lisabwerere mwamphamvu. Masipuling'i a fakitale a WRX kutsogolo ali pafupi ndi 3 kg/mm, kutanthauza kuti pamafunika makilogalamu atatu kuti sipuling'i ifinyike milimita imodzi. Ma coilover ambiri a galimoto imeneyi amabwera ndi 6 mpaka 8 kg/mm kutsogolo. Kumeneko ndi kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Pa phula losalala mumva kukoma, koma mukamatsika Khwekhwerere kupita ku Golomoti, kona iliyonse yokhala ndi chigamba pakati idzakhala ikukankhira galimoto kunja pang'onopang'ono.

Choncho ine ndikanasunga masipuling'i a fakitale, ngati sanafwapuke kapena kuthyoka, n'kuika ma shock abwino kwambiri omwe thumba lingathe. KYB Excel-G imakubwezerani pafupi ndi momwe galimoto inalili ili yatsopano, ndipo kwa anthu ambiri zimenezi zokha zimawadabwitsa. KYB AGX ili ndi potembenuzira kuti muilimbitse kapena kuifewetsa. Koni Sport, yachikasu ija, ndi yabwino zedi, kungoti pa galimoto imeneyi imabwera ngati chamkati cholowetsa m'chubu cha shock yakale, ndiye pafunika makaniko wodekha wodula ndi kuboola molondola. Pa Bilstein, zindikirani manambala: B4 ndi yolowa m'malo mwa ya fakitale, B6 ndi yolimbirapo ya galimoto yosatsitsa, B8 ndi yofupikitsa yoyenda ndi masipuling'i otsitsa. Kwa inu ndi B6, mukaipeza ya chassis yanu. Ubwino wake ndi woti ndi monotube, oyilo ndi gasi zinalekanitsidwa ndi kapisitoni, choncho oyilo sachita thovu ngakhale mutayenda nthawi yaitali pa msewu wa malata mwezi wa October. Shock wamba ya twin-tube ikatentha kwambiri pa msewu wotere imayamba kufooka, mumangomva galimoto ikuyandama. Gulani kwa wogulitsa wodziwika, chifukwa mayina otchukawa ali ndi zachinyengo zambiri pamsika, katoni yokongola koma mkati muli zina. Ndipo posintha ma shock sinthaninso ma bump stop (timphira toletsa shock kugunda kumapeto) ndi timalaya totchinga fumbi. Fumbi likafika pa ndodo ya shock limadya seal, ndipo shock ya ndalama zambiri imatha chaka chisanathe chifukwa cha kamphira kotchipa.

Za kutsitsa ndinenepo zambiri, chifukwa apa ndi pomwe maso amanamiza mutu. WRX yanu ili ndi MacPherson strut pa matayala onse anayi, kutanthauza kuti shock ndi sipuling'i ndizo zimagwira tayala kumtunda. Control arm ya kutsogolo pa mulingo wa fakitale imakhala yopingasa, mbali ya ku tayala itatsikirako pang'ono. Mukatsitsa galimoto mopitirira, mkonowo umayamba kuloza m'mwamba cha ku tayala. Zikatero nsonga yomwe bodi imapendekekera, yomwe akatswiri amati roll centre, imatsika kwambiri kuposa momwe kulemera kwa galimoto kwatsikira, ndiye bodi imafuna kupendekeka kwambiri kuposa kale. Pokhota, tayala la kunja limagonera kunja n'kumayenda ndi phewa lokha. Tie rod nayo imasintha ngodya, mwakuti tayala likagunda bampu chiwongolero chimadzikoka chokha. Pamwamba pa zonsezi mwadya mpata wa shock, ndipo galimoto ikakhala ndi anthu anayi ndi thumba la chimanga m'buti imakhalira pa bump stop ulendo wonse. Ngati mtima wanu sungagone mpaka itsikeko, musapyole mamilimita 25 kapena 30, mugwiritse ntchito masipuling'i opangidwira ntchitoyo monga Eibach Pro-Kit, pamodzi ndi ma shock oyenerana nawo. Kudula sipuling'i ndi grinder kapena kuiwotcha ndi gasi kuti ikhale pansi, chonde musalole munthu achite zimenezi pa galimoto yanu. Dziwaninso kuti ku Australia, komwe misewu ya fumbi ndi yambiri, kuli kampani ya King Springs yomwe imapanga masipuling'i okweza ma Subaru pang'ono, ndipo kwa munthu wa ku Ntchisi ndi nzeru yoyenera kuiganizira.

Chaka china mnyamata anabwera ndi Impreza ya buluu yomwe anaimanga ma coilover opanda dzina lodziwika, onyezimira ngati golide, atawagula motchipa pa intaneti. Inali itangodutsa dzinja limodzi. Tinkafuna kuikweza chifukwa inali itang'amba bampa pa hampu ya pa trading centre, koma mphete zokwezera zinali zitagwirana ndi matope ndi dzimbiri. Tinaziviika m'mafuta usiku wonse, m'mawa sipanala yake inathyoka dzino, mphete osasuntha. Shock imodzi ya kumbuyo inali itataya oyilo wonse, moti titaichotsa ndinaikankha ndi dzanja limodzi, n'kulowa ngati pampu ya njinga. Mnyamatayo anali atanyamula mkazi wake ndi khanda kuchokera ku Kasungu pa galimoto imeneyo dzulo lake. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Tinambwezeretsera masipuling'i ake akale omwe mwamwayi anasunga, ndi ma KYB atsopano.

Sindikunena kuti ma coilover onse ndi oipa. KW, Öhlins, Tein ndi BC Racing amapanga katundu weniweni, pa mitengo yosiyanasiyana. Ngati tsiku lina mudzakhala ndi galimoto yachiwiri yoyendera tsiku ndi tsiku, WRX n'kukhala ya masewera, adzakhala ndi malo ake. Pamenepo mudzafunse zinthu izi musanalipire. Masipuling'i ake ndi a kg/mm zingati, ndipo angakupatseni ofewerapo? Kutalika kumasinthidwa ndi chubu cha pansi osafinya sipuling'i, monga pa Tein Flex Z ndi BC Racing BR, kuti mpata wa shock usachepe? Ulusi wake ndi wa chitsulo chosachita dzimbiri monga wa KW? Nanga akatopa mudzawakonzetsa kuti? Ma shock a mtundu umenewu amafuna kuphwasulidwa ndi kusinthidwa oyilo ndi ma seal pakapita nthawi, ndipo nthawi zambiri zimenezi zimafuna kuwatumiza kunja galimoto ili pa majeke. Ma mounting a chitsulo chokhachokha otchedwa pillow ball apeweni. Fumbi limawadya msanga, amayamba kulira, ndipo nkhonya iliyonse ya dzenje amaipereka yonse ku bodi. Musatengeke ndi zoti shock ili ndi potembenuzira ka 30. Shock yabwino ya mulingo umodzi wolondola imaposa yoipa ya milingo 30.

Kupendekeka kukapitirira mutasintha ma shock ndi mabushi, mankhwala ake ndi stabilizer bar, osati masipuling'i olimba. Chitsulo chimenechi chimagwira ntchito kwambiri pokhota, ndipo matayala onse awiri akakwera hampu limodzi sichilowererapo. Kulimba kwake kumakwera mofulumira kwambiri ndi kunenepa kwake: kuchoka pa mamilimita 20 kupita pa 22 ndi kulimbitsa ndi pafupifupi 46 peresenti, ndipo pa 24 ndi kuwirikiza kawiri. WRX ili ndi injini yomwe inakhala kutsogolo kwa matayala a kutsogolo, n'chifukwa chake mukalowa pa kona mwaliwiro mphuno imakana, imafuna kupitirira. Bar ya kumbuyo yonenepako pang'ono, monga ya 22 ya Whiteline yokhala ndi mabowo osinthira, imathandiza kuti ikhote mwaulemu. Yambani ndi bowo lofewa. Mukalimbitsa kumbuyo mopyola, tsiku lina pa mvula mudzachotsa phazi pa moto pakati pa kona chifukwa cha mbuzi kapena wakabaza, ndipo matako a galimoto adzakupitirirani. Yezani bar yomwe ilipo ndi vernier, kachida koyezera kunenepa kwa chitsulo, musanagule, popeza zimasiyana malinga ndi chaka.

Mabushi: a polyurethane (pulasitiki wolimba wonga mphira) monga a SuperPro, Powerflex ndi Whiteline ndi abwino pa stabilizer ndi pa steering rack, bola apakidwe girisi wake. Kwina konse ine ndimakonda a mphira, a fakitale kapena a STI Group N omwe ndi mphira wolimbirapo. Salira, safuna girisi, ndipo fumbi silikhala ndi polowera.

Zonsezi zikamangidwa, mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itaima pa matayala ake. Akamangidwa ili m'malere, mphira umakhala wopotoka nthawi zonse ndipo umang'ambika pa miyezi yochepa. Sipuling'i ifinyidwe ndi chida chake, osati mawaya kapena zingwe, chifukwa ikapulumuka imathyola nsagwada. Kenako alayimenti ya matayala onse anayi pa makina, ndipo mupemphe pepala la manambala. Shock ya kutsogolo ya WRX ili ndi bawuti ya pamwamba yosinthira camber (kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana kutsogolo), yomwe amakaniko ambiri amangoimanga osaiyang'ana. Pemphani camber ya pakati pa -1 ndi -1.5 digiri kutsogolo, yofanana mbali zonse, ndi toe (kuloza kwa matayala mkati kapena kunja) ya 0 kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu amaopa kuti camber imadya matayala, koma pa mulingo umenewu wakudya matayala kwenikweni ndi toe yolakwika. Pa zonse zomwe ndatchula, alayimenti ndiyo yotchipa kwambiri poyerekeza ndi kusintha komwe mudzamve m'manja.

Auzeni a inshuwalansi zomwe mwasintha, zilembedwe, kuti pa tsiku la ngozi pasadzakhale chonamizira. Sinthaninso brake fluid ndi kuona ma pad, chifukwa galimoto ikayamba kukhota bwino phazi limalemera lokha. Ndipo ndikupempheni monga mbale wanu: M1 ndi msewu wa ana a sukulu, amayi osenza nkhuni ndi njinga za makala. Suspension yabwino ikhale yokupatsani mpata wozemba ndi kuima mwadzidzidzi. Malire a galimoto musakawayesere pamenepo.

Mukayenda makilomita pafupifupi 500, bwererani ku galaja. Akaonenso mabawuti onse, muyeze kuchokera pakati pa limu kufika pa mlomo wa mudguard pa matayala onse anayi kuti muone ngati yakhala mofanana, ndipo ngati manambala asuntha, alayimenti ibwerezedwe. Pitani nayo ulendo umodzi wa ku Blantyre ndi umodzi wa ku Ntchisi ili choncho, bar ya kumbuyo musanagule. Mukadzabwerako mudzandiuze ngati mphuno ikukanabe pa makona, ndi mphepo yomwe munaika m'matayala, ndipo tidzasankhira limodzi kunenepa kwa bar kuchokera pamenepo.